Nyimbo imodzi yachezera gule zaka 50

Akuluakulu adati nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo ine si munthu wokonda kutsutsana ndi akuluakulu. Koma lero ndiloleni ndiwapemphe kuti aunikenso mwambi wawowu, chifukwa kunjaku kuli gulu lina loimba lomwe lachezera gule ndi nyimbo imodzi kwa zaka zoposa 50, ndipo ovina ake sakuonetsa kuti ali ndi tulo. Gululi ndi AC/DC, la ku Australia, loimba chamba chaphokoso chija amati hard rock.

Pa 17 May 2024, mumzinda wa Gelsenkirchen ku Germany, bambo wina wa zaka 69, wamfupi, kumutu kuli mbuu ndi imvi, adatulukira pansanja atavala yunifolomu ya mwana wa sukulu: kabudula, jekete, tayi ndi kachipewa. Pambali pake padali mkulu wina wa zaka 76, akukuwa ndi mawu onga macheka akudula chitsulo. Bwalo la mpira lidadzaza, ndipo umenewo udali usiku woyamba chabe wa ulendo womwe udazungulira mabwalo akuluakulu a ku Ulaya chaka chimenecho, n'kupitirira ku America ndi kwawo ku Australia mu 2025. Wa kabudulayo ndi Angus Young, wa macheka pakhosiyo ndi Brian Johnson. Anthu ambirimbiri mwa omwe adagula matikiti adali asadabadwe pomwe nyimbo zomwe ankakuwirazo zinkajambulidwa.

Wina afunsa kuti nanga ife zikutikhudza pati, poti ndi phokoso la azungu? Zilembo zinayi zija zokhala ndi kamphezi pakati mudazionapo ndithu patisheti ya pakaunjika, ngakhale wovalayo mwina sadziwa n'komwe tanthauzo lake. Koma chondilembetsa ndi funso lomwe aliyense wochita malonda amagona nalo n'kudzuka nalo: n'chiyani chimachititsa kasitomala kulambalala mabenchi khumi n'kudzaima pabenchi lako, lero, mawa, chaka chamawa, mpaka kudzabwera ndi mwana wake? AC/DC yagulitsa zimbale zoposa 200 miliyoni. Ena ati ndi mwayi, ena ati otsatira ake ndi anthu ogona m'mutu, ena mpaka ati pali chizimba. Ine ndikuti nkhani yake ndi ya sikelo. Wogula amadziwiratu chomwe chili m'phukusi, ndipo akamasula amapeza muyezo wodzaza.

Tiyambe ndi komwe adachokera. Malcolm Young ndi mng'ono wake Angus adabadwira ku Glasgow m'dziko la Scotland, m'banja la ana 8 la anthu odya za thukuta. Mu 1963 banjali lidasamukira ku Australia kukasaka moyo, ndipo lidafikira m'kampu ya anthu obwera mumzinda wa Sydney. Sukulu anyamatawa adaisiyira panjira. Malcolm adagwirapo ntchito yokonza mashini osokera pafakitale ina ya zovala. Gulu lawo adaliyamba mu November 1973, ndipo adaimba koyamba pamaso pa anthu usiku wa pa 31 December chaka chomwecho m'kalabu ya Chequers mu Sydney momwemo.

Dzinalo adawapatsa ndi mlongo wawo Margaret, ataona zilembozo pamashini osokera. Ophunzira sayansi mukudziwa kale: AC ndi magetsi a pakhoma aja osinthasintha kolowera, DC ndi a batire oyenda njira imodzi. Mlongo yemweyo ndiye adabweretsa nzeru ya yunifolomu. Mkulu wawo George, yemwe adatchukapo ndi gulu la The Easybeats m'zaka za m'ma 1960, ndiye adawajambulira zimbale zoyamba pamodzi ndi mnzake Harry Vanda. Mwachidule iyi idali bizinesi ya pabanja kuyambira pachiyambi.

Mu 1974 adapeza woimba, Bon Scott, naye wobadwira ku Scotland n'kukulira ku Australia. Ameneyu adali mkulu kwa onse, wa zojambula pamikono, yemwe adagawapo makalata a positi ndiponso kusenzapo matumba pafakitale ya feteleza ku Adelaide. Mawu a nyimbo zake adali a munthu wodziwa kugogoda kwa landilodi mwezi ukatha. Ankaimba za m'thumba mouma, za mowa, za akazi, za kutopa kwa pamsewu, zonsezo akuseka ngati munthu yemwe mavuto adamuzolowera. Anyamata a m'mafakitale ndi m'magalaja atamumva adati uyu ndi wathu.

Tsono katundu wawoyo ndi wotani? Magitala awiri, besi, ng'oma ndi mawu, kwatha. Kiyibodi ndi malipenga amangozionera kwa anzawo. Anthu amayang'ana Angus chifukwa ndiye amathamanga uku ndi uku ngati waponda moto, koma injini ya galimotoyi adali Malcolm. Iye ankaima kumbuyo pafupi ndi ng'oma, mwendo umodzi ukugunda pansi, atakolekera gitala yake yakale ya Gretsch yomwe adaigulula zida zina zomwe adaziona zongolemetsa, mabowo n'kutsala poyera. Ankasendera kutsogolo pokhapokha pothandizira kolasi, akatha n'kubwerera pamalo pake. Luso lake lidali lodziwa polekezera: kumenya kamodzi, kusiya kampata kachete, n'kumenyanso. M'kampata kameneko ndi momwe mutu wa womvera umagwederamo. Wa ng'oma, Phil Rudd, naye sadali wa matama. Ankangoponda mzere umodzi wosakhota kuyambira poyamba mpaka pothera.

Anthu ena amati zimenezi n'zophweka, mwana aliyense angaimbe. Eya, nsima nayo ndi ufa, madzi ndi moto basi. Koma bwanji pamsika pali lesitilanti yomwe anthu amaima pamzere, pomwe yoyandikana nayo mumadya ntchentche zokha? Chinthu cha zipangizo zochepa ndicho chimayalutsa wophika, poti palibe pobisala. Ndipo muzu wa nyimbozi si wachilendo kwenikweni kwa khutu la munthu wakuda. Abale awiriwa adakula akumvera Chuck Berry, Little Richard ndi oimba blues, anthu akuda a ku America. Kayendedwe kaja ka Angus kodumphira mwendo umodzi ngati bakha n'ka Chuck Berry. Eni akewo sakonda n'komwe kuti azitchedwa a heavy metal. Amati zawo ndi rock and roll. N'chifukwa chake pansi pa phokoso lonselo pamakhala kugunda kovinika.

Akatswiri olemba za nyimbo sadawakonde. Mu 1976 magazini yotchuka ya Rolling Stone idanyoza chimbale chawo cha High Voltage ngati umboni woti chamba cha hard rock chafika pansi penipeni. Padatenga zaka 32 kuti magazini yomweyo iwaike pachikuto, mu 2008, ndipo mphoto ya Grammy adailandira koyamba mu 2010, tsitsi litayamba kale kuyera. Mlandu wawo udali umodzi nthawi zonse: sasintha. Pali nthabwala yotchuka yomwe amati ndi ya Angus, yoti atamunena kuti gulu lake latulutsa chimbale chimodzimodzi maulendo 11, iye adadandaula kuti amunamizira, n'kuwakonza kuti ndi maulendo 12. Munthu woyankha motero ndiye kuti amadziwa chomwe amagulitsa.

Taonani mafashoni omwe adawadutsa pakhomo. Atafika ku London mu 1976 adapeza achinyamata apenga ndi punk. Kudabwera disco. M'zaka za m'ma 1980 magulu a rock adayamba kudzola zodzoladzola, kufufumitsa tsitsi ndi kuimba nyimbo zachikondi zolira kuti aziwaika pawailesi. Mu 1991 kudabuka grunge ya ku Seattle n'kusesa odzola onse aja. Kenako hip hop idalanda msika. Magulu ambiri adathamangira chilichonse chobwera, ndipo ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. AC/DC idangokhala phee pabenchi lake. Ngakhale malonda a nyimbo atasamukira pa intaneti, iwo adakana kulowa pa iTunes mpaka mu 2012, ati chimbale n'chathunthu, ngati wogulitsa nkhuku wokana kuidula ziwalo. Pa Spotify ndi anzake adalowa mu 2015. Pogulitsira adasintha, mochedwa ndiponso monyinyirika, koma katundu adakhala yemweyo.

Mayeso aakulu adabwera ndi maliro. Pa 19 February 1980, Bon Scott adapezeka atafa m'galimoto yoimika ku East Dulwich mumzinda wa London, atachezera mowa usiku. Adali ndi zaka 33, ndipo ofufuza za imfa adati mowa udamuchulukira m'thupi. Apa n'kuti patangopita miyezi 7 chitulutsireni Highway to Hell, chimbale chomwe chidawatsegulira msika wa ku America. Gulu lina likadathera pomwepo. Koma makolo a malemuyo adawalimbikitsa kuti asasiye, ndipo mu April adatenga Brian Johnson wa kufupi ndi Newcastle ku England, mwana wa munthu wa mumgodi wa malasha. Johnson adaimbapo m'gulu la Geordie, mbiri n'kuzilala, ndipo panthawiyi ankayendetsa kabizinesi kake kokonza madenga ndi magalasi a galimoto. Sadafune wotchuka kale, sadafune wotsanzira mawu a Bon. Adafuna wantchito mnzawo.

Apa mpomwe nkhaniyi ikukhudza dera lathu lino. Yemwe adawajambulira Highway to Hell ndi chimbale chotsatiracho ndi Robert John Lange, wodziwika kuti Mutt, wobadwira ku Mufulira ku migodi ya ku Zambia mu 1948 n'kukulira ku South Africa. Okonda nyimbo za country mukumudziwa ngati yemwe adadzakwatira Shania Twain ndi kumujambulira zimbale. Ndipo ku Zambia komweko m'zaka za m'ma 1970 magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ankaliza magitala okalipa m'chamba cha Zamrock, ndiye tisamanamizane kuti rock siidapondepo kuno. Lange adatengera AC/DC ku situdiyo ya Compass Point ku Bahamas, ndipo pa 25 July 1980, patangotha miyezi 5 chimwalilireni Bon, kudatuluka Back in Black. Chikuto chake n'chakuda bii, chizindikiro cha maliro, ndipo chimayamba ndi kulira kwa belu lolemera tani imodzi lomwe adasulitsa ku Loughborough. Chimbalechi akuti chagulitsidwa makope pafupifupi 50 miliyoni, ndipo chili m'gulu la zimbale zochepa zomwe zagulidwa koposa padziko lapansi. Otsatira adaona kuti anyamatawa alira mnzawo mwaulemu, n'kubwerera kuntchito osachepetsa muyezo. Mpaka lero Johnson saimba nyimbo ya Bon ya "It's a Long Way to the Top", poti amati ili ndi mwini wake.

Muyezo wodzaza ndikunenawu umaonekera kwambiri pansanja. Mbiri yawo adaipanga ndi miyendo, bala ndi bala, tauni ndi tauni, panthawi yomwe mawailesi ambiri sankawaika. Wolipira tikiti amadziwa zomwe akaone: chibelu chitsika kuchokera kudenga, mizinga ilira pomaliza, Angus agudubuzika pansi akuliza gitala yake ya Gibson SG, thukuta lili kamukamu, ndipo maola awiri atha asadapume. Pa 28 September 1991, patangopita mwezi umodzi chilepherekereni chiwembu cholanda boma ku Soviet Union, adaimba pabwalo la ndege la Tushino ku Moscow pamodzi ndi Metallica ndi ena, pamaso pa chinamtindi cha anthu. Ulendo wa Black Ice, kuyambira 2008 mpaka 2010, udali ndi zoimbaimba zoposa 160 ndipo udakoka anthu pafupifupi 5 miliyoni. Mu December 2009 adaimba masiku atatu pabwalo la River Plate ku Buenos Aires, anthu pafupifupi 200,000. Kanema wake alipo. Mukamuona mudzaona bwalo lonse likudumpha ngati madzi owira, anthu olankhula Chisipanishi akuimba ndi pakamwa ngakhale kulira kwa gitala.

Nawo otsatira amabweza. Ku Kirriemuir, katauni ka ku Scotland komwe Bon Scott adakhala ali mwana, kumachitika chikondwerero cha Bonfest kuyambira mu 2006, ndipo mu 2016 adaimika chiboliboli chake ndi ndalama zokwana mapaundi 45,000 zosonkha otsatira okha. China chili ku Fremantle ku Australia, komwe manda ake amalandira alendo ochokera kutali chaka chonse. Ku Leganés, kufupi ndi Madrid, adatcha msewu dzina la gululi mu 2000, ndipo vuto la akhonsolo lidali loti chikwangwani chinkabedwa chikangokhomedwa. Ku Melbourne adatcha kanjira kena ACDC Lane mu 2004, ndipo poti malamulo a maina a misewu sadalole kamzere ka pakati kaja, anthu adakapachikapo okha mphezi yawo. Nyumba ya ku Burwood mu Sydney, komwe abale awiriwa adakulira, itagwetsedwa kumapeto kwa 2024, kudali mkwiyo ngati agwetsa kachisi.

Chimawamanga pamodzi n'chiyani? Pazoimbaimba za AC/DC mumapeza agogo, bambo ndi mdzukulu, makaniko ndi loya, onse atavala tisheti yakuda yofanana. Nyimbozi sizifunsa chipani chako, sizikulalikira, sizifuna digiri kuti uzimve. Ndipo moyo wa munthu umasintha mopweteka: fakitale yatsekedwa, banja latha, anzako a paunyamata ayamba kutsogola mmodzimmodzi. Pakati pa zonsezo pali chinthu chimodzi chomwe chikumveka monga chinkamvekera uli ndi zaka 16. Achinyamata nawo amazipeza m'njira zawo: m'mafilimu a Iron Man, m'mabwalo a masewero, kapena pa YouTube pomwe "Thunderstruck" idapyola 1 biliyoni ya oonera mu 2021. Mwana akafunsa kuti nyimbo iyi ndi ya ndani, bambo amatulutsa chimbale chake chakale, ndipo kwa kanthawi awiriwo amakhala ndi chokambirana.

Tsono ndiye kuti anthuwa ndi nkhosa zongotsata? Wa Bullets kaya wa Noma amafera timu yake ngakhale igonje masabata asanu otsatizana. Otsatira AC/DC sali choncho, ndipo umboni ulipo. Gululi litasiyana ndi Lange n'kuyamba kudzijambulira lokha, lidatulutsa Flick of the Switch mu 1983 ndi Fly on the Wall mu 1985, ndipo malonda adatsika kwabasi poyerekeza ndi a Back in Black. Anthu adabwereranso mwaunyinji mu 1990 pomwe kudatuluka The Razors Edge, chimbale chokhala ndi "Thunderstruck". Mu 2016 madokotala atauza Brian Johnson kuti asiye kuimba kuopa kugontheratu, gululi lidabwereka Axl Rose wa Guns N' Roses kuti amalize ulendo. Rose adaimba bwino ndithu, ambiri adavomereza, komabe anthu zikwi zingapo adakabweza matikiti n'kutenga ndalama zawo. Ati tidalipira chambo, musatipatse mlamba ngakhale ukhale wonona. Chikhulupiriro cha kasitomala chili ndi maso, abale. Chimakhala pomwe sikelo ili yoona, ndipo chimasamuka sikelo ikayamba kunama.

Ndikudziwa kuti ena mwafika pano mukung'ung'udza kuti zonsezi n'zausatana. Nkhani imeneyi si yachilendo, idavutanso ku America. Kudali alaliki omwe ankati zilembo zinayi zija zikubisa mawu onyoza Khristu, pomwe tanena kale kuti zidachokera pamashini osokera. Mu 1985 chigawenga china chopha anthu ku Los Angeles, Richard Ramirez, chidasiya chipewa cholembedwa AC/DC pamalo ena pomwe chidachita zaupandu, ndipo manyuzipepala adakokera gululi m'matope kwa miyezi. Eni ake akhala akufotokoza kuti msewu wa ku gehena womwe adatcha chimbale chija ndi moyo wa m'basi, chaka chonse uli paulendo, kugona mosinthana mipando. Tinyanga tapulasitiki tomwe otsatira amavala n'toseweretsa togulitsa pageti. Munthu wopemphera ali ndi ufulu wonse wokana nthabwala zotere, ndipo ine sindingamunene. Koma kukana chinthu kusatipangitse kuchinamizira.

Milandu yeniyeni ilipo, ndipo otsatira ambiri sakonda kuikamba. Woyamba ndi mowa. Nyimbo zomwe zimatamanda botolo zidaimbidwa ndi munthu yemwe botolo lidamupha ali ndi zaka 33, ndipo Malcolm naye adachita kuima kaye ulendo wa mu 1988 kuti akalimbane ndi uchidakwa. Chodabwitsa n'chakuti Angus, wooneka wopenga koposa onse, samwa mowa. Wake ndi tiyi. Wokondwerera Bon ndi kachasu m'manja aziganizira kuti pa awiriwa yemwe wafika zaka 70 ali pansanja ndi uti. Wachiwiri ndi momwe nyimbo zambiri zimakambira za akazi, ngati ndiwo zapambale. Ena amati n'zoseka chabe, ndipo akazi okonda gululi alipo ambiri, koma mkulu wa zaka zoposa 70 akamaimba nthabwala za mnyamata wa Fomu 2 pamafunika kuvomereza kuti zina zidatha ntchito. Wachitatu ndi chitetezo. Mu January 1991 ku Salt Lake City achinyamata atatu, awiri a zaka 14 ndi mmodzi wa zaka 19, adafa atapanikizika m'chikhamu chothamangira kutsogolo kwa nsanja. Ndipo za makutu musafunse. Phokoso lomwe anthu amalipirira ndi lomwelo limagonthetsa, ndiye inu oyenda ndi mahedifoni tsiku lonse mumvepo kanthu.

Palinso mlandu wa ndalama, womwe anzanga a timashopu muumva msanga. Mu 2008 gulu lodzitcha la anthu wamba lidapereka chimbale cha Black Ice kwa Walmart, chimphona cha masitolo, kuti ndiye yekha azigulitsa ku America. Makope 784,000 adapita sabata yoyamba, koma timasitolo tating'ono ta zimbale, tomwe tidasunga dzina la AC/DC pashelefu m'zaka zomwe malonda ake adazilala, tidangoonerera. Matikiti nawo masiku ano si a munthu wa malipiro a pafakitale uja Bon ankamuimbira. Chikondi cha kasitomala ndi chuma, ndipo yemwe ali nacho amayesedwa kuchikama mpaka magazi.

Kwa ife a malonda ndi a sukulu phunziro lake lisamveke molakwika. Kusasintha kwa AC/DC n'kosiyana ndi ulesi wa munthu wokana kuphunzira. Anyamatawa adapeza msanga chinthu chimodzi chomwe ankachita bwino kuposa wina aliyense, n'kuchinola tsiku ndi tsiku kwa moyo wonse. Ife vuto lathu n'loti mnzathu akayamba kugulitsa mazira tonse mazira, akasamukira ku makava a foni tonse makava a foni, ndipo kasitomala akazolowera timayamba kuchepetsa mulu. Wophunzira naye amayamba kosi iyi, akamva kuti ndalama zili uko wasiya, mapeto ake mapepala asanu luso palibe. Dzina limamangidwa ndi kubwereza, ndipo kubwereza kumatopetsa. Tangoganizani kuimba nyimbo yomweyo usiku uliwonse kwa zaka 45 ngati ukuimba koyamba, chifukwa pakati pa anthuwo pali wina yemwe kwa iye ndi koyambadi.

Koma gule aliyense amakhala ndi m'bandakucha wake. Malcolm adayamba kudwala matenda oiwalaiwala a dementia ali paulendo wa Black Ice, moti Angus adafotokozapo kuti mkulu wakeyo ankachita kuphunziranso nyimbo zomwe adapeka yekha asadakwere pansanja. Adaimba komaliza ku Bilbao mu June 2010, adapuma mu 2014, n'kumwalira pa 18 November 2017 ali ndi zaka 64, patangopita milungu yochepa George atatsogola. Malo ake adatenga Stevie Young, mwana wa mkulu wawo wina. Johnson adabwerera atathandizidwa ndi kachipangizo ka m'khutu, ndipo mu 2020 adatulutsa Power Up, chimbale chomangidwa pa zomwe Angus ndi Malcolm adapekera limodzi kale. Paulendo womwe udayamba mu 2024, Phil Rudd ndi wa besi Cliff Williams padalibe. Mwa omwe adayambitsa gululi mu 1973 watsala Angus yekha.

Otsatira ake sadzamuuza kuti apume. Adzadzazabe mabwalo ngakhale atayamba kuyenda ndi ndodo, poti munthu sathamangitsa unyamata wake womwe. Choncho udindo wonse uli pa mkulu wa kabudulayo. Anthuwa adamukhulupirira zaka 50 chifukwa sadawaberepo pasikelo, ndipo tsiku lomwe miyendo idzakana, pakhosi pa Johnson n'kuuma, chilungamo chidzakhala kupinda yunifolomu ija n'kutseka benchi, ngakhale mzere wa ogula udakali wautali.